Kalata yotseguka kwa a Nduna ya Zantchito, a Nduna oona za Chikhalidwe ndi a Meya a mzinda wa Blantyre pa nkhani ya ntchito ya mamodelo

Olemekezeka a Nduna, ndi inu a Meya,

Ndikulemba kalata iyi monga wosoka zovala wa mumzinda wa Blantyre, munthu amene malonda ake sangayende popanda atsikana ndi anyamata amene amavala zimene ndasoka n'kukayenda nazo pamaso pa anthu, kapena kukaima nazo kutsogolo kwa kamera. Pempho langa ndi limodzi ngakhale lili ndi nthambi zingapo: boma livomereze kuti umodelo ndi ntchito yoti munthu n'kumadya nayo, ndipo kuvomerezako kuonekere m'malamulo ndi m'ziphaso zimene maofesi anu amapereka kale. Mawu olimbikitsa achinyamata amene mlendo wolemekezeka amalankhula potsegulira chionetsero cha zovala timawamva ndipo timawaombera m'manja, koma salipira lendi ya mtsikana wa ku Bangwe amene wayenda pa steji usiku umenewo.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu ambiri, ngakhale a m'maofesi, amazisakaniza. Mpikisano wa chiphadzuwa, monga wa Miss Malawi, umakhala ndi oweruza, mmodzi amavekedwa chisoti, otsalawo amabwerera kwawo. Modelo pa tsiku lake la ntchito sapikisana ndi munthu. Waitanidwa kuti katundu wa wina agulidwe. Alipo amene amayenda pa steji atavala zovala za telala, alipo amene amajambulidwa kuti nkhope zawo zikakhale pa zikwangwani, pa makalendala, m'nyuzipepala ndi pa Facebook, alipo amene timayesera pa iwo chovala chisanamalizidwe kusokedwa, alipo amene amaima tsiku lonse pa malo a kampani nthawi ya chionetsero cha zamalonda ku Chichiri, ndipo alipo ena, ochepa, amene amakhala osagwedezeka pamaso pa ojambula pamanja ndi osema. Onsewa amapereka nthawi, mphamvu ndi maonekedwe awo kuti wina apeze phindu.

Mphindi zochepa zimene owonera amaona pa steji zimabisa ndalama zambiri zimene modelo watulutsa m'thumba mwake. Amapita kokasankhidwa ndi ndalama yake ya minibasi, ndipo nthawi zambiri sasankhidwa. Akasankhidwa amabwera kudzayesa zovala, kenako kudzaphunzira kayendedwe masiku angapo, akuchokera ku Ndirande, ku Machinjiri, ku Chilobwe kapena ku Chirimba. Nsapato za gogoda amagula yekha, tsitsi amakonzetsa yekha, zodzoladzola zambiri ndi zake. Pa tsiku la chionetsero amafika m'mawa ngakhale kuti mwambo uyamba madzulo, ndipo ukamatha minibasi zimakhala zitasiya kuyenda, kotero kuti amene okonza mwambo sanamupezere galimoto amakwera kabaza pakati pa usiku. Pambuyo pa zonsezi, malipiro amene ambiri amalonjezedwa ndi akuti adzatchuka. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kutchuka kumene amalonjezedwa ana athuwa ndi fodya wapachala.

Kumene ndalama yalonjezedwa, vuto limakhala tsiku loilandira. Wokonza mwambo amati akudikira kuti othandiza mwambowo amupatse cheke, kampani yotsatsa malonda imati ikudikira kasitomala wake, ndipo modelo, amene ali kumapeto kwa mzere wonsewo, amadikira miyezi. M'dziko limene ndalama inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kulipira munthu mochedwa n'chimodzimodzi kumudula malipiro. Amene anagwirizana mtengo mu Okutobala 2023 n'kulandira mu Febuluwale 2024 analandira ndalama yosakwanira kugula zimene akanagula pa tsiku limene anagwira ntchitoyo.

A Nduna ya Zantchito, mungandiyankhe kuti malamulo alipo kale, ndipo n'zoona. Lamulo la Employment Act la 2000 limafuna kuti wolembedwa ntchito apatsidwe chikalata chofotokoza ntchito yake ndi malipiro ake, boma limalengeza malipiro ochepetsetsa, amene mu 2024 anakwezedwa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi, ndipo bwalo la milandu ya zantchito la Industrial Relations Court lili muno mu Blantyre momwe. Koma chitetezo chonsechi chinakonzedwa poganizira munthu amene ali ndi bwana mmodzi ndi tsiku lolandira malipiro mwezi ndi mwezi. Modelo akapita kukadandaula, funso loyamba limakhala lakuti anamulemba ntchito ndani, ndipo aliyense amakana: wokonza mwambo amati anangomuitana, telala amati anamupeza ali kale pamalopo, ejenti amati iye ndi mkhalapakati chabe. Umboni umene mtsikanayo ali nawo ndi mauthenga a pa WhatsApp, mwinanso a mawu okha. Ku France vuto limeneli analitseka ndi chiganizo chimodzi m'malamulo awo a ntchito, chakuti mgwirizano uliwonse umene munthu wapeza nawo modelo pomulipira umatengedwa kuti ndi mgwirizano wa ntchito, ndipo mabungwe opezera mamodelo ntchito amayenera kukhala ndi laisensi. Sindikunena kuti tikopere zonse za ku France, chifukwa msika wathu ndi waung'ono. Ndikupempha kuti unduna wanu unene momveka bwino kuti amene waitana modelo ndiye ali ndi udindo womulipira, kuti mgwirizano ukhale wolembedwa ntchito isanayambe, ndiponso kuti pakhale malire a masiku olipira ntchito ikatha, kaya othandiza mwambo apereka cheke kaya sanapereke.

Nkhani imene ndikufuna kukhalapo nthawi yaitali ndi ya zithunzi, chifukwa m'menemo ndi mmene muli ndalama yeniyeni ya ntchito imeneyi, ndipo ndi mmene ana athu akuberedwa kwambiri osadziwa. Aliyense woyenda mumsewu wa Masauko Chipembere kuchokera ku Ginnery Corner kukafika ku Limbe amaona nkhope zikuluzikulu zikumwetulira, zikutsatsa mafoni, mabanki, sopo, zakumwa ndi mbewu. Kampani imene yaika chikwangwanicho imalipira mwini chitsulo mwezi ndi mwezi, imalipira osindikiza, imalipira khonsolo, ndipo ngati pali nyimbo imene ikuyenda ndi malondawo pa wailesi, mwini nyimboyo ali ndi bungwe loteteza umwini wa luso la COSOMA lomuyankhulira. Munthu yekhayo amene amalipidwa kamodzi, pa tsiku lojambulidwa, ndi mwini nkhope. Chithunzi chimene anauzidwa kuti n'cha kalendala ya chaka chimodzi amadzachipeza pa galimoto za kampani, pa mapaketi a katundu, pa intaneti, mwinanso kunja kwa dziko, zaka zitapita.

M'mayiko amene ntchitoyi inakhazikika, kuphatikizapo South Africa, malipiro a modelo amakhala pawiri. Pali ndalama ya tsiku limene wagwira ntchito, ndipo pali ndalama ina ya chilolezo chogwiritsa ntchito chithunzi chake, imene imawerengedwa potengera zinthu zitatu: chithunzicho chidzaoneka kwa nthawi yaitali bwanji, m'mayiko ati, ndiponso pa zinthu ziti, kaya pa zikwangwani, pa kanema, m'masitolo kapena pa intaneti. Nthawi ikatha, kampani imachotsa chithunzicho kapena imalipiranso. Chifukwa chake n'chomveka kwa aliyense wodziwa malonda. Nkhope imene yadziwika ndi banki ina, banki ina siingaifune, ndipo imene yatsatsa kampani ina ya mafoni yadzitsekera khomo la kampani inzake. M'dziko ngati lathu, mmene makampani aakulu pa malonda amodzi amakhala awiri kapena atatu, mtsikana amene wajambulitsa kamodzi popanda malire a nthawi wagulitsa ntchito ya zaka zambiri pa mtengo wa tsiku limodzi. Malamulo a umwini wa luso, monga Copyright Act ya 2016, amateteza kwambiri amene anapanga chithunzi kusiyana ndi amene ali pa chithunzicho, n'chifukwa chake chitetezo cha modelo chimadalira pepala limene anasayina, ndipo ambiri sanasayine pepala lililonse.

A Meya, apa ndi pamene khonsolo ya mzinda ingathandize popanda kudikira nyumba ya malamulo. Chikwangwani cha malonda sichiyenera kuimikidwa mumzinda uno popanda chilolezo cha khonsolo. Pa fomu yopemphera chilolezocho pangawonjezedwe mzere umodzi wokha, wofuna kuti ngati pa chikwangwanipo pali nkhope ya munthu, wopemphayo aonetse pepala limene munthuyo anasayina, losonyeza tsiku limene chilolezo chake chidzathere. Khonsolo siikuyenera kudziwa kuti analipidwa zingati, chifukwa zimenezo n'za awiriwo. Ikungoyenera kuona kuti pepala lilipo ndipo tsiku silinadutse. Makampani aakulu ali ndi maloya, ndipo sangavutike kutsatira zimenezi. Chimene chikuwachititsa kusatero lero n'chakuti palibe amene amawafunsa. Momwemonso, a Nduna oona za Chikhalidwe, bungwe la Censorship Board limapereka zilolezo za zisangalalo pansi pa lamulo la 1968, ndipo wokonza chionetsero cha zovala angafunsidwe kuti apereke mndandanda wa mamodelo ake, zaka zawo ndi zimene wagwirizana nawo asanapatsidwe chilolezo.

Nkhani ya zithunzi yafika poipa chifukwa cha makompyuta amene tsopano amatha kutenga nkhope ya munthu n'kuiveka zovala zina, kuiika pamalo ena, kapena kuiyankhulitsa mawu amene mwiniwake sananene. Boma la New York ku America linakhazikitsa lamulo lotchedwa Fashion Workers Act, limene linayamba kugwira ntchito pa 19 Juni 2025, ndipo mwa zina limafuna kuti modelo avomereze molemba, padera, asanapangiridwe chifanizo cha pakompyuta choterocho. Kuno kwathu tili ndi Data Protection Act ya 2024, ndipo n'koyenera kuti a MACRA, amene amayang'anira lamuloli, afotokozere anthu m'Chichewa chomveka mmene lamuloli likukhudzira nkhope ya munthu imene yagwiritsidwa ntchito pa malonda popanda chilolezo chake.

Lamulo la ku New York lomwelo likutiphunzitsa za maejenti. Limafuna kuti bungwe lililonse loyang'anira mamodelo lilembetse ku dipatimenti ya zantchito, komishoni yake isapitirire 20 peresenti ya malipiro a modelo, lisalipiritse munthu ndalama yolowera, ndipo mgwirizano usapitirire zaka zitatu. Lamulo limeneli silinagwe kumwamba. Linabwera patatha zaka zambiri bungwe la Model Alliance, limene Sara Ziff anayambitsa mu 2012, likulimbikira. Kuno aliyense amene ali ndi foni yabwino ndi tsamba la Instagram angathe kudzitcha ejenti mawa m'mawa. Alipo maejenti achilungamo mumzinda uno amene amaphunzitsa ana ndi kuwamenyera malipiro, ndipo amenewa ndi amene akuvulala kwambiri ndi chisokonezochi, chifukwa kholo silingathe kuwasiyanitsa ndi achinyengo. Wachinyengo amadziwika ndi chinthu chimodzi: ndalama yake amaipeza kwa modelo, kudzera m'malipiro olembetsera, a zithunzi ndi a maphunziro osatha, pamene ejenti weniweni amadya pokhapokha modelo wake akapeza ntchito. Kaundula wa maejenti ovomerezeka, woti kholo la ku Chilomoni n'kumuona pa foni kapena ku ofesi ya zantchito, angathetse theka la mavutowa.

Kaundula ameneyu ndi wofunika kwambiri pa malonjezo a ntchito za kunja. Atsikana a m'mayiko ena a mu Africa anatulukirapo pa mpikisano wosaka mamodelo wa M-Net Face of Africa, umene Oluchi Onweagba wa ku Nigeria anapambana mu 1998, Kaone Kario wa ku Botswana mu 2005, ndi Lukundo Nalungwe wa ku Zambia mu 2010, kotero mwana wa ku Blantyre akamalota za Johannesburg, Milan kapena Paris sakulota zosatheka. Koma njira yomweyo ili ndi maenje. Mu 2023 nyuzipepala ya The Sunday Times ya ku Britain inaulula kuti achinyamata ena amene anatengedwa ku msasa wa othawa kwawo wa Kakuma ku Kenya kupita ku Ulaya kukachita umodelo anabwezedwa patangopita nthawi yochepa, opanda ndalama, ena ali ndi ngongole, chifukwa mtengo wa ndege, wa viza ndi wa malo ogona umalembedwa pa dzina la modelo kuti adzabweze akadzayamba kulandira. Ife tili ndi msasa wa Dzaleka ku Dowa, ndipo tili ndi achinyamata ambiri osowa ntchito m'makwalala mwathu. Sitinaiwalenso amayi a ku Malawi amene analonjezedwa ntchito zabwino ku Oman n'kukapezeka ali mu ukapolo wa m'nyumba za anthu. Lamulo la Trafficking in Persons Act la 2015 limapereka chilango cha zaka 14 kwa wozembetsa munthu wamkulu ndi zaka 21 kwa wozembetsa mwana, koma chilango chimabwera munthu atavulala kale. Ndikupempha kuti aliyense wotenga modelo kupita naye kunja ayambe waonetsa mgwirizano ku unduna wa zantchito, wosonyeza amene akulipira ulendo wobwerera, ndiponso kuti pasipoti ikhala m'manja mwa mwini wake.

Za nkhanza zokhudza kugonana sindichulutsa mawu, osati chifukwa n'zazing'ono, koma chifukwa lamulo lake lilipo ndipo n'lomveka. Gender Equality Act ya 2013 imaletsa mchitidwe umenewu, ndipo chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi zaka zisanu m'ndende. Chovuta n'chakuti ntchito ya modelo imachitikira m'malo amene lamulolo silifikako msanga: m'chipinda cha wojambula zithunzi mmene muli anthu awiri okha, m'malo osinthira zovala amene alibe chitseko ndipo aliyense wonyamula kamera amalowamo, kapena ku hotela kumene mtsikana waitanidwa usiku kuti akakambirane za ntchito. Amene wakana zofuna za wosankha mamodelo sachotsedwa ntchito, amangosiya kuitanidwa, ndipo kusaitanidwa kulibe umboni woti n'kupita nawo kupolisi. Malamulo ang'onoang'ono ndi amene angathandize: kusankha mamodelo kuzichitika masana pamalo odziwika, modelo akhale ndi ufulu wobwera ndi womuperekeza, malo osinthira zovala akhale otseka ndipo kamera isalowemo, ndipo ngati ntchito ikufuna zovala zamkati kapena zosambira, zimenezo zilembedwe ndi kuvomerezedwa tsiku lisanafike.

Chimene chimatseka pakamwa atsikana ambiri ndi maganizo akuti wolowa ntchito imeneyi wadziitanira yekha mavuto. Maganizo amenewa ali ndi mbiri yake m'dziko muno. Lamulo la Decency in Dress Act la 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi afupiafupi mpaka pamene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri, ndipo mu Januwale 2012 mavenda ena anavula amayi m'misewu chifukwa cha zovala zawo, mpaka amayi anasonkhana muno mu Blantyre kudzudzula mchitidwewo. Wapolisi kapena wa ku ofesi ya zantchito amene anakulira m'maganizo amenewa akalandira dandaulo la modelo amayamba wayang'ana siketi yake. Boma likanena poyera kuti iyi ndi ntchito yovomerezeka, yokhala ndi kaundula ndi mapepala ake, wodandaula adzalowa mu ofesi monga wantchito amene walakwiridwa.

Pa za ana, malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa mu 2017 kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18. Zovala za ana ziyenera kuonetsedwa ndi ana, palibe angatsutse, koma mwana asagwire ntchito popanda kholo kusayina ndi kukhalapo, asagwire nthawi ya sukulu kapena usiku, ndipo mtsikana wa Fomu 2 asavekedwe zovala za munthu wamkulu chifukwa choti ndi wamtali. Kampani ya ku France ya Kering, mwini wake wa makampani otchuka a zovala a Gucci ndi Saint Laurent, inalengeza mu 2019 kuti siidzagwiritsanso ntchito mamodelo osakwana zaka 18 poonetsa zovala za akuluakulu. Ngati iwo anakwanitsa, telala wa ku Limbe sangalephere.

Za thanzi, mayiko a kunja anadzidzimuka mu 2006 pamene mamodelo awiri, Luisel Ramos wa ku Uruguay ndi Ana Carolina Reston wa ku Brazil, anamwalira ndi mavuto obwera chifukwa chodzimana chakudya, ndipo kuyambira mu 2017 ku France modelo amayenera kukhala ndi kalata ya dokotala yotsimikizira kuti ali bwino. Kuno vuto limene ndimaliona kwambiri si la kuonda koma la khungu. Otsatsa malonda ena amafuna nkhope yoyererapo, ndipo atsikana amathamangira mafuta oyeretsa khungu a pamsika, amene ena mwa iwo amakhala ndi mercury kapena hydroquinone, mankhwala amene amawononga khungu, ndipo mercury imawononganso impso. Boma ndi makampani ake, amene amatsatsa zambiri pa zikwangwani, angasinthe zimenezi pongosankha nkhope zofanana ndi Amalawi mmene alili.

Ndisaiwale mamodelo a ojambula pamanja, amene ntchito yawo ndi yosadziwika kwenikweni kwa anthu. Wophunzira kujambula, kaya ku University of Malawi ku Zomba kaya m'nyumba za luso za muno mumzinda, sangadziwe mmene phewa limakhalira munthu akasenza mtolo, kapena mmene chitenje chimagwera pa bondo, pongoyang'ana chithunzi cha pa foni. Amafunika munthu wamoyo patsogolo pake. Munthu ameneyo amakhala kapena kuima osasuntha kwa mphindi 20 kapena 30, amapuma pang'ono, kenako amabwerera ndendende mmene analili, ndipo amene sanayesepo sadziwa mmene msana ndi miyendo zimawawira. Ntchito imeneyi siifuna msinkhu kapena kukongola kwa mtundu wina. Gogo wa makwinya ndi bambo wonenepa ndi ofunika mofanana ndi mtsikana wa zaka 20, ndipo chifukwa cha zimenezi ndi ntchito imene munthu angaigwire mpaka kukalamba. Kwathu kuno ambiri amajambulidwa atavala, ndipo kumene maphunziro akufuna kuti thupi lioneke, malamulo a m'kalasi ayenera kukhala okhwima: malipiro a pa ola odziwika kale, mafoni onse azimitsidwe, chitseko chitsekedwe kwa osakhudzidwa, ndipo wina aliyense asamukhudze modelo pofuna kumukonza kaimidwe. Chithunzi chimodzi chojambulidwa mobisa n'kutumizidwa pa WhatsApp chingawononge banja ndi mbiri ya munthu, ndipo ngakhale Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 ilipo, chimene chafalikira sichibwezedwa. Sukulu za boma zimene zimaphunzitsa luso ziike ndalama ya mamodelo mu bajeti yawo, m'malo modalira kuti wophunzira mnzawo kapena wantchito wa pasukulupo adzakhala pampando mwaulere.

Ndikudziwa zimene anzanga osoka ndi okonza zionetsero anganene, chifukwa ndimakhala nawo. Adzati msika wathu ndi wochepa, kaunjika anatilanda makasitomala, nsalu yakwera mtengo, holo ya COMESA kapena chipinda cha ku hotela n'zodula, ndipo Blantyre Cultural Centre, imene ikanakhala malo athu otsika mtengo, inasakazidwa itangochoka m'manja mwa a ku France ndipo kukonza kwake kwatenga zaka zambiri. Zonsezi n'zoona. Koma pa chionetsero chomwecho mwini holo amalipidwa, wa zokuzira mawu amalipidwa, woimba amalipidwa, ngakhale wogulitsa matikiti pakhomo amalandira kangachepe. Umphawi wathu umakumbukiridwa pokhapokha tikafika pa dzina la modelo. Sindikupempha malamulo olemera oti aphe zionetsero zazing'ono za m'matchalitchi ndi m'sukulu. Pepala limodzi lokha, lolembedwa m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi, lonena tsiku, maola, malipiro, thiransipoti yobwerera ndi malire a zithunzi, n'lokwanira. Ngati telala alibe ndalama ndipo agwirizana kuti alipira ndi chovala kapena ndi zithunzi zoti modelo akagwiritse ntchito pofunira ntchito zina, zilembedwe choncho, onse awiri asayine. Unduna ungakonze pepala limeneli n'kuliika poti aliyense alitenge kwaulere.

Mu 2016 boma linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi, ndipo ogwira ntchito m'boma analimbikitsidwa kuvala zovala zosokedwa kuno tsiku Lachisanu. Ndondomekoyi inatithandiza atelala, ndipo fakitale ya nsalu ya Mapeto David Whitehead ili muno mu Blantyre momwe. Koma chovala cha ku Malawi sichingafike pa msika wa ku Lusaka kapena ku London chili pa hang'ala. Wogula wa pa intaneti amagula chimene waona chitavalidwa bwino. Amene amachivalayo ndi mbali ya malonda a nsalu mofanana ndi wolima thonje ku Chikwawa ndi wosoka ku Ndirande. N'chifukwa chake ndikupempha kuti bungwe la TEVETA, limene limatolera 1 peresenti ya malipiro kwa olemba ntchito kuti liphunzitse anthu maluso, ndipo limayang'anira kale maphunziro a kusoka m'makoleji a ntchito zamanja, likonze maphunziro aafupi a umodelo okhala ndi satifiketi. Kayendedwe ndi kaimidwe ndi gawo lochepa la maphunziro amenewo. Gawo lalikulu likhale kuwerenga mgwirizano, kuwerengera mtengo wa chithunzi, kusunga ndalama, ndi luso lina loyandikana nalo monga kukonza tsitsi, kuphoda, kujambula kapena kukonza zionetsero, popeza ntchito ya pa steji ambiri amaigwira zaka zochepa chabe ndipo imabwera mwa apo ndi apo.

Mu 2024 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo lokhazikitsa khonsolo ya zaluso ndi chikhalidwe, NAHEC. Oimba ali ndi bungwe lawo, ojambula zithunzi, olemba mabuku ndi a zisudzo ali ndi awo, ndipo pokambirana za thumba la ndalama zothandizira zaluso mipando idzapita kwa amene ali ndi mabungwe. Mamodelo ndi obalalika, ambiri ndi achinyamata, ndipo aliyense amaopa kuti akayankhula sadzaitanidwanso. Kukhazikitsa bungwe ndi udindo wawo, ndipo Labour Relations Act ya 1996 imawapatsa ufulu umenewo, koma khonsoloyo iwasungire mpando wawowawo, isawaike pansi pa ife osoka zovala, chifukwa pa nkhani ya malipiro ife ndife mbali inayo.

Choyamba chimene ndikupempha kuti chichitike ndi msonkhano muno mu Blantyre, woitanidwa ndi ofesi ya zantchito pamodzi ndi khonsolo ya mzinda, umene mamodelo eni ake, aakazi ndi aamuna, a pa steji, a pa zikwangwani ndi a ojambula pamanja, adzayambe kulankhula paokha maejenti, atelala ndi makampani asanalowe m'chipindamo. Pamsonkhanopo patuluke pepala la mgwirizano la tsamba limodzi, ndondomeko ya kaundula wa maejenti, ndi tsiku limene khonsolo idzayambe kufunsa chilolezo cha mwini nkhope pa chikwangwani chilichonse chatsopano.

Ine wanu mwaulemu,

Wosoka zovala,
Chilomoni, Blantyre